Mbiri ya matimu a asilikali mu mpira wa miyendo

M'mbiri ya mpira wa miyendo muno mu Zambia, matimu a asilikali ali ndi malo aulemu. Timu yochuka koposa ndi Green Buffaloes ya mu Lusaka, imene ili m'manja mwa gulu la nkhondo la Zambia Army. Timuyi inapambana ligi ya dziko lino m'zaka za 1973 ndi 1974, pamene inali kudziwika ndi dzina lakuti Zambia Army, ndipo inatenganso cikhoci mu 1975, 1977, 1979 ndi 1981. Kucokera apo siinapambanenso ligi.

Gulu la nkhondo la mu mlengalenga la Zambia Air Force lili ndi timu ya Red Arrows, imene bwalo lake ndi Nkoloma. Red Arrows inayamba kupambana ligi mu 2004, ndipo inabwerezanso mu 2022 ndi 2024. M'caka comweco ca 2024 inatenga cikho ca CECAFA Kagame ku Dar es Salaam, komwe inaitanidwa monga mlendo. Nalo gulu la Zambia National Service lili ndi Green Eagles ya ku Choma.

Akazi nawo sanatsalire. Timu ya akazi ya Green Buffaloes inapambana cikho ca COSAFA mu 2022. Katswiri Barbra Banda anasewera m'timu imeneyi asanapite ku Spain mu 2018.

Kutsidya kwa malire a Mwami, ku Malawi, kuli Moyale Barracks ya ku Mzuzu, Red Lions ya ku Zomba ndi MAFCO ya ku Salima, imene ndi timu ya sukulu yophunzitsa asilikali. Kamuzu Barracks ya ku Lilongwe inapambana ligi ya dzikolo mu 2016.

Cimene cimakopa anyamata ambiri ku matimuwa ndi nchito. Wosewera akalembedwa usilikali amakhala ndi malipiro ngakhale miyendo itatopa, pamene mnzake wa ku timu wamba amatha kubwerera kumudzi cimanjamanja.

Masewera a pakati pa maiko asanayambe, akapitawo a matimu amapatsana timbendera tokhala ndi cizindikiro ca timu, ndipo tina timalembedwa tsiku la masewerawo. Ku America, komwe sukulu za asilikali za West Point ndi Annapolis zinayamba kupikisana pa mpira wa kumeneko mu 1890, anthu amasunga timbendera takale monga cuma. Kuno kwathu nakonso, kambendera kotere kakatayika, gawo lina la mbiri limapita nako.