Zining'a za Luso

Awa ndi mawu okuluwika amene Achewa adawatenga ku ntchito za alakatuli, oimba, ovina ndi amisiri, nawapatsa tanthauzo lopitirira bwalo la gule. Pakuti ng'oma ndiyo idali sukulu ya makolo athu, munthu wopanda mwambo amatchedwa wosavinidwa kufikira lero, ngakhale m'makwalala a ku Bangwe ndi Zingwangwa, kumene ambiri onena mawuwo sadapondepo kudambwe. Ndipo amene zinthu zamuyendera amati waimba lokoma, pomwe wolakwa amamuimba mlandu, ngakhale pabwalo la milandu sipamveka nyimbo. Wodzitama amachenjezedwa kuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Wina akaona mmisiri wa ku Ndirande amene tsiku lonse amakhoma ndowa ndi mbaula za malata, koma kunyumba kwake akutungira madzi m'chidebe chodontha, amati woumba mbiya adyera m'phale, ndipo mawuwo amawanena mwachisoni, osati mwachipongwe. Ophunzira ofuna kuzama ayambe ndi buku la J.C. Chakanza la miyambi 2,000 ya Chinyanja, limene lidasindikizidwa ku Blantyre m'chaka cha 2000.