Anasankhidwa ndi yani?

Mneni woti "kusankhidwa" tamusenzetsa katundu wambiri. Phungu amene anthu anafola pamzere kumuvotera timati anasankhidwa. Nduna imene pulezidenti waitchula dzina pa wailesi timati yasankhidwanso. Pocheza palibe vuto lalikulu, chifukwa womvera amatha kufunsa kuti wasankha ndani. Papepala wowerenga alibe womufunsa, ndipo amangoganiza zimene anazolowera kwawo.

Vutoli limaonekera kwambiri tikamalemba za maiko ena. Tengani dera la nambala 13 la nyumba ya Senate ya chigawo cha Illinois ku America. Lili mumzinda wa Chicago, m'mbali mwa nyanja ya Michigan, ndipo Hyde Park ndi Kenwood zili m'menemo. Nyumbayi imakumana ku Springfield ndipo ili ndi aphungu 59. Si Senate ya ku Washington ya aphungu 100 ija. Ndikuti "dera" mwadala. Boma ndi Dedza kapena Mzimba, kumene kuli bwanamkubwa, pomwe dera ndi la phungu, ndipo ku Illinois malire ake amadulidwanso pakatha kalembera wa zaka 10 zilizonse.

Deralo linatchuka chifukwa cha Barack Obama, amene analiimira kuyambira 1997 mpaka 2004. Koma onani amene anakhalapo iye asanabwere ndiponso atachoka. Richard Newhouse, amene analowa m'nyumbayi mu 1967, anapuma mu 1991, ndipo Alice Palmer analowa m'malo mwake popanda chisankho cha anthu. Obama atapambana mpando wa Senate ya ku Washington, Kwame Raoul, mwana wa makolo ochokera ku Haiti, anatenga mpando mu November 2004, nayenso popanda bokosi la mavoti. Raoul atakhala loya wamkulu wa boma la Illinois mu January 2019, Robert Peters analowa mwa njira yomweyo. Pa anthu anayi amene anabwera pambuyo pa Newhouse, Obama yekha ndiye analowa poyamba ndi mavoti a anthu wamba.

Sikuti panali chinyengo. Malamulo a Illinois amati mpando ukatsala wopanda munthu, pasanathe masiku 30 aikepo wina wa chipani chomwecho, ndipo amene amamutchula ndi akuluakulu a chipanicho m'deralo. Kwathu sititero. Phungu akamwalira, bungwe la MEC limachititsa chisankho chapadera, anthu n'kukavota. Ndiye Mmalawi akawerenga kuti "Raoul anasankhidwa mu 2004", amaona mizere ya anthu ndi inki pachala, chikhalirecho kunali msonkhano wa akuluakulu ochepa a chipani cha Democrat. Wolembayo sananame, komabe wowerenga wapita ndi bodza m'mutu, ndipo ine ndimati mlanduwo ndi wa wolemba.

Chichewa sichinasauke pano. Tili ndi "anavoteredwa", "anapambana chisankho", "anaikidwa pampando", "anatchulidwa ndi chipani". Choposa zonse, tili ndi chiganizo chotchula wochita poyera: "Akuluakulu a chipani anaika Raoul pampando mu 2004, ndipo anthu anadzamuvotera pa zisankho zotsatira." Mbali yachiwiriyo isasiyidwe, chifukwa Palmer, Raoul ndi Peters onse anadzapambana zisankho pambuyo pake, ndipo kubisa zimenezo kungakhale kuwalakwira. Kamchira ka "-idwa" n'kabwino pamene wochita sakudziwika kapena alibe ntchito. Pa nkhani ya woimira anthu, wochitayo ndiye nkhani yeniyeniyo.

Nako kulowa kwa Obama kumafuna mawu osamala. Kulemba kuti Palmer "anamusiyira mpando" kumamveka ngati ufumu wa kumudzi wopatsirana pamtundu. Zoona n'zakuti Palmer anavomereza Obama kuti amulowe m'malo pamene Palmeryo ankapikisana nawo pa mpando wa ku Congress, nyumba ya malamulo ya ku Washington, mu 1995. Atagonja kwa Jesse Jackson Jr., anafuna kubwerera. A mbali ya Obama anatsutsa mayina a anthu amene anasainira zikalata zake, mayina ovomerezeka anaperewera, ndipo Palmer sanaonekenso pa pepala lovotera. Obama anadutsa chisankho cha m'chipani mu 1996 wopanda wopikisana naye, kenako anapambana chisankho chachikulu cha mu November chaka chomwecho.