Nyumba ya Mzinda wa Cape Town

Mudzi uli wonse uli ndi bwalo lace. Pamenepo ndi pamene akulu amaweruza mirandu, ndi pamene ng'oma imalira tsiku la cikondwerero, ndipo mlendo wodza ndi mau amayamba waima pomwepo. Mizinda yaikulu ya Azungu nayonso iri ndi bwalo lotere, koma lao ndi lomanga ndi miyala, lofolera bwino, ndipo amalicha City Hall, ndiko kunena Nyumba ya Mzinda. M'menemo mumakhala meya ndi makhansala ace pokambirana za madzi, miseu ndi misonkho. M'menemonso anthu amasonkhana kudzamvera nyimbo, kudzabvina, kudzadyera ukwati ndi kudzalandira alendo omveka. Nkhani ino ndi ya nyumba yotere ya ku Cape Town, kumapeto kwa dziko la South Africa. Mbiri yace iyenera kudziwika, pakuti kwa zaka zambiri pakhomo pace panali funso lobvuta: nyumba ikachedwa ya mzinda, nanga eni mzindawo ndi ayani?

Mlendo wofuna kuiona sabvutika kuipeza. Iri pa mseu wa Darling Street. Kumbuyo kwace kuli phiri lija la Table Mountain, ndipo kumaso kwace kuli bwalo lalikulu lochedwa Grand Parade. Bwalolo ndi lakale koposa nyumbayo, pakuti pamenepo ndi pamene Jan van Riebeeck anamanga linga lace loyamba la dothi ndi mitengo m'caka ca 1652, ndipo pambuyo pace asilikali anali kuguba pomwepo. Munthu akaima pakati pa bwalolo, pakati pa ogulitsa malonda ndi anthu othamangira mabasi ndi sitima, amaiona nyumba yonse bwino lomwe: nsanamira zace, khonde lace lapamwamba, ndi nsanja yaitali ya koloko.

KUMANGIDWA KWACE

Kale akulu a mzinda anali kusonkhana m'nyumba yaing'ono ya Old Town House pa Greenmarket Square, imene inayamba kumangidwa m'caka ca 1755. Koma atapezeka daimondi ku Kimberley ndi golide ku Johannesburg, zombo zinacuruka padoko, malonda anakula, ndipo eni cuma anaona kuti nyumba yakale ija yawacepera. Mapulani a nyumba yatsopano anawalemba ndi Harry Reid ndi Frederick Green a ku Johannesburg. Mwala wa maziko unaikidwa m'caka ca 1900, nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu iri mkati, ndipo nyumbayo inatsegulidwa mu Julayi 1905.

Omangawo anafuna kuti munthu akafika pakhomo aziyesa ngati ali ku England. Miyala yapansi ndiyo inakumbidwa pafupi, pa phiri la Signal Hill, koma miyala ya zipupa, ya maonekedwe onga uci, inadza pazombo kucokera ku Bath, ulendo wa mamailosi pafupifupi 6,000. Koloko ya pansanja anaipanga motsanzira Big Ben wa ku London, ndipo kaliridwe kace ndi komweko. M'cipinda cacikulu anaikamo limba lopangidwa ndi a Norman and Beard, lokhala ndi mipope 3,165. Mpope wautali koposa ndi wa mapazi 32, ndipo waufupi koposa sufika utali wa cala. M'caka ca 1925 anapacika mabelu 37 pansanja, kukhala cikumbutso ca amene anafa pa Nkhondo Yaikulu Yoyamba, ndipo pambuyo pace anaonjezapo awiri, kukwana 39. Pabwalo, moyang'anana ndi khomo, anaimikapo ciboliboli ca Mfumu Edward VII. Zonsezi zinali kunena cinthu cimodzi, cakuti ufumu wa Angerezi wakhazikika ndipo sudzagwedezeka.

Koma pamene amisiri anali kusema miyala ija, cinthu cina cinali kucitika pafupi pomwepo. M'caka ca 1901 munagwa mliri mumzindamo, wodza ndi makoswe a m'zombo. Boma linaloza cala anthu akuda, ndipo linasamutsa zikwi zingapo za iwo, ambiri ocokera m'dera la District Six, kukawaika kunja kwa mzinda pamalo amene anadzachedwa Ndabeni. Kotero Nyumba ya Mzinda ndi komboni yoyamba ya mzindawo zinabadwa nthawi imodzi, ngati ana amapasa.

AMENE ANALOWAMO

Ngakhale zinali tero, citseko sicinali cotsekedwa konse. M'dziko la Cape masiku amenewo mwamuna wa mtundu uli wonse anali kuloledwa kuponya voti ngati anali ndi cuma cokwanira. Mwa njira imeneyi Dotolo Abdullah Abdurahman, mdzukulu wa akapolo amene anadziombola okha, ndiponso wophunzira za mankhwala ku Glasgow, anasankhidwa kukhala khansala m'caka ca 1904. Iwo anali munthu woyamba wosakhala Mzungu kukhala pampandowo, ndipo anali akali khansala pamene anamwalira m'caka ca 1940. Mwana wao wamkazi, mai Cissie Gool, anasankhidwa ndi anthu a ku District Six m'caka ca 1938, nawalankhulira m'nyumba yomweyo zaka zambiri, ndipo anamwalira m'caka ca 1963. Mau a awiriwa nthawi zambiri anali kugonja pakuwerenga manja, koma anali kumveka, ndipo analembedwa m'mabuku a mzinda.

Nyimbo nazonso zinali kukoka anthu a mitundu yosiyana. M'caka ca 1914 mzinda unakhazikitsa gulu lace la oimba ndi zoimbira, lotsogozedwa ndi Theo Wendt, ndipo unakhala mwambo kuti madzulo a Lacinai anthu azipita ku City Hall kukamvera. Makwaya a Amalaya a mu Cape Town, amene makolo ao ambiri anadza muukapolo kucokera kuzisumbu za kum'mawa, anali kupikisana m'cipinda comweco. Koma mbiri yopambana ndi ya gulu la Eoan, limene mai Helen Southern-Holt analiyambitsa ku District Six m'caka ca 1933. M'caka ca 1956 gululi linaonetsa mu City Hall sewero loimba lochedwa La Traviata, lopekedwa ndi Verdi, ndipo linaimba m'Citaliyana. Oimba onse anali Makaladi, anthu amene usana anali kugwira nchito m'mafakitale, m'masitolo ndi m'masukulu, naphunzira nyimbozo usiku pansi pa Joseph Manca. Omvera anazizwa, ndipo manyuzipepala anawatamanda kwambiri.

Komatu nthawi inali itaipa kale. Cipani ca National Party cinatenga boma m'caka ca 1948 ndi kuyamba kukhwimitsa malamulo a tsankho ochedwa apartheid. Malo okhala, mabenci, zipata ndi nyumba za masewero, zonse zinagawidwa monga mwa khungu. A Eoan anapezeka pamphambano yowawa. Kuti apitirize kuimba anafunika ndalama, ndipo ndalamazo zinali ku boma, limene linafuna kuti omvera azikhala olekanitsidwa. Iwo anabvomera, ndipo abale ao ambiri anawafulatira, nawayesa ogwirizana ndi wopondereza. Ena anati ndi bwino kukhala cete kusiyana ndi kuimbira m'nyumba ya tsankho. Ena anati mwana wa mmphawi akaleka kuimba wopindula ndi mdani yemweyo. Mlandu umenewo anthu a mu Cape Town sanaugamule ndi mtima umodzi.

Tsono pa 11 Febuluwale 1966 boma linalengeza kuti District Six ndi dera la Azungu okha. M'zaka zotsatira anthu oposa 60,000 anacotsedwa, nyumba zao zinagumulidwa, ndipo anakatayidwa ku mcenga wa Cape Flats, kutali ndi mzinda. Anthu amene kale anali kufika ku City Hall pa miyendo tsopano anafunika sitima kapena basi. Patapita zaka zocepa Makaladi analandidwa ndi voti yomwe ya mumzinda, ndipo mipando ija ya a Abdurahman ndi mai Gool inatsala ya Azungu okha. M'zaka zakumapeto kwa 1970 maofesi a mzinda anasamukira m'nyumba yatsopano yaitali ya Civic Centre, ndipo nyumba yakale inatsala ya nyimbo, misonkhano ndi mabuku.

KHONDE LAPAMWAMBA

Akale anati cakudza siciimba ng'oma. Pa 13 Seputembala 1989, patangopita sabata limodzi cicitikire cisankho cimene anthu akuda sanaloledwe kuponyapo voti, ndiponso apolisi atapha anthu ambiri m'makomboni, khamu la anthu pafupifupi 30,000 linanyamuka pa chalichi ca St George's kulinga ku City Hall. Patsogolo panali Bishopu Wamkulu Desmond Tutu, ndipo pambali pao panali meya wa mzinda, a Gordon Oliver, atabvala mkufu wa udindo wao. Boma la a F. W. de Klerk silinawaletse. Atsogoleri anakwera pakhonde nalankhula kwa anthu a mitundu yonse odzaza bwalo. Kuyambira tsiku limenelo khondelo linakhala ndi nchito yatsopano.

Pa 11 Febuluwale 1990, tsiku la Sabata, a Nelson Mandela anatuluka m'ndende ya Victor Verster kufupi ndi Paarl, atakhala m'ndende zaka 27. Linali tsiku lomwe lija limene District Six inaweruzidwa, patapita zaka 24. Anthu zikwizikwi anasonkhana pa Grand Parade kuyambira m'mawa, dzuwa liri kuswa mtengo. Nthawi inapita, ena anakomoka ndi ludzu, ena anaswa mazenera a masitolo, ndipo apolisi anaomba mfuti. Galimoto la a Mandela litafika, khamu linalizinga kotero kuti woyendetsa anacita mantha nabwerera nalo. Atsogoleri anaopa kuti akapanda kuonekera mwazi udzakhetsedwa, ndipo anawaitananso. Potsiriza, dzuwa liri kulowa, anawalowetsa pa khomo lakumbuyo nakwera nao pakhonde.

Mandala ao anali atawaiwala kundende, tsono anabwereka a akazi ao, mai Winnie. A Walter Sisulu, mnzao wa m'ndende, ndiwo anawaonetsa kwa anthu, ndipo mnyamata wina wotsogolera anchito a m'migodi, dzina lace Cyril Ramaphosa, anawagwirira cokuzira mau. A Mandela anauza khamulo kuti sanaime pamaso pao monga mneneri koma monga mtumiki wao wodzicepetsa. Anati nkhondo ya ufulu siinathe, napempha Azungu kuti agwirizane nao pomanga dziko latsopano. Anathokozanso maiko oyandikana nao amene anasauka cifukwa cothandiza pa nkhondoyo. Mau amenewa anakhudza Zambia kwambiri, pakuti likulu la African National Congress linali ku Lusaka zaka zambiri za kuthawa kwao. Pa 27 Febuluwale, patapita masiku 16 okha, a Mandela anatera ku Lusaka nalandiridwa ndi a Kenneth Kaunda. Pa 9 Meyi 1994, aphungu atawasankha kukhala Pulezidenti, anabwerera pakhonde lomwe lija kudzalonjera anthu.

MASIKU A PAMBUYO PACE

Mu Julayi 2018 anaimika pakhondepo ciboliboli ca mkuwa ca a Mandela, dzanja liri m'mwamba, ndipo alendo amakonda kujambulitsa pamenepo. Ciboliboli ca Mfumu Edward cinatsala pamalo pace tsidya la mseu, kotero kuti awiriwa amapenyana. Nyumbayo inakonzedwanso, ndipo oimba a Cape Town Philharmonic Orchestra amaimbiramo monga anacitira anzao a mu 1914. Zipinda zace zimabwerekedwa pa makwaya, maphwando, misonkhano ndi maukwati, ndipo wobwereka safunsidwa za khungu lace.

Pa 2 Januwale 2022 moto unaononga Nyumba ya Malamulo ya dzikolo, imene iri mumzinda momwemo. Aphungu atasowa posonkhana, anatembenukira ku City Hall, ndipo pa 10 Febuluwale caka comweco Pulezidenti analankhula kwa mtundu wonse ali m'cipinda ca limba cija. Pulezidentiyo anali a Cyril Ramaphosa, omwe aja anagwira cokuzira mau pakhonde zaka 32 zapitazo.

Wowerenga asaganize kuti zonse zinakonzeka. Mbali yaikulu ya District Six inakhala thengo zaka zambiri, ndipo ambiri mwa ocotsedwa anamwalira asanabwerere. Kwa munthu wa ku Khayelitsha kapena ku Mitchells Plain, ulendo wa ku City Hall ukali wautali ndi wodya ndalama. Lamulo linatsegula citseko, koma mtunda umene lamulo lakale linaika pakati pa anthu ndi mzinda wao sunafupike.

Komabe mbiri ya nyumbayi iri ndi phunziro. Amene anaitanitsa miyala ku Bath anayesa kuti ali kudzimangira iwo eni ndi ana ao. Koma pakuicha Nyumba ya Mzinda anapereka lonjezo limene sanalilingalire bwino, ndipo dotolo uja, mwana wace, oimba a ku District Six ndi khamu la pa Grand Parade anadza mmodzimmodzi kudzafunsa lonjezolo. Mlendo wolowamo acita bwino kuyang'ana nsanja, mabelu ndi mipope ya limba, pakuti ndi nchito ya amisiri enieni. Koma asaiwale kuima pang'ono pakhomo ndi kupenya anthu amene ali kulowa, cifukwa ulemu wa bwalo uli pa anthu ololedwa kukhalapo.