Mikanda ya Agogo

Agogo anga a ku Nkope ankasunga mikanda isanu ndi iwiri m'kachitini ka fodya, yofiira kunja koma yoyera m'kati. Ankati anawasiyira ndi mayi awo, amene anafika kwa Mponda ali kamtsikana, ali m'goli. "Mdzukulu wanga, munthu ankagulidwa ndi timikanda totere," ankatero, n'kutseka chitinicho msangamsanga.

Dothi la kuno ladzaza mikanda. Ku Nkudzi Bay, Ray Inskeep anaipeza yambirimbiri m'manda akale, ndipo analemba za mandawo mu 1965. Koma mkanda sulankhula. Ndi chisakanizo cha mchenga, mchere kapena phulusa, ndi utoto, zosungunulidwa pamodzi pamoto. Ungadziwe bwanji amene anaupanga popanda kuuphwanya?

Njira inachokera ku Calcutta. Mu 1928, C. V. Raman anaona kuti kuwala kukagunda chinthu, kachigawo kochepetsetsa kamabwerera katasintha mtundu, molingana ndi mmene tizidutswa ta chinthucho timanjenjemerera. Lero akatswiri amaunika mkanda ndi leza, makina n'kujambula mzere wa timapiri ndi tizigwa. Utoto uliwonse uli ndi timapiri take, ngati chidindo cha chala. Kompyuta imafanizira mzerewo ndi nkhokwe ya mizere ya zinthu zodziwika kale. Pa chisakanizo timapiri timakwerana, ndiye pamafunika munthu woleza mtima wozilekanitsa. Chimene mulibe m'nkhokwemo, kompyuta imangochipatsa dzina la chofanana nacho, ndipo apa m'pamene ofulumira amasocherera.

Njirayi yasokonezapo kale mbiri. Mu 2011, Linda Prinsloo, Aurélie Tournié ndi Philippe Colomban anafalitsa zimene anapeza pa mikanda ya ku Mapungubwe, ku South Africa, mzinda umene amati unasiyidwa chaka cha 1300 chisanakwane. Ina inali ndi utoto umene unayamba kupangidwa patapita zaka mazanamazana. Funso linabuka: kodi paphiripo panafikanso anthu ena pambuyo pake?

Mikanda yofiira ya mtima woyera inkapangidwa kwambiri ku Venice m'zaka za m'ma 1800, nthawi imene amalonda a minyanga ndi akapolo ankawoloka Shire kwa Mponda. Lezayo ikhoza kutsimikiza mawu a agogo, ikhozanso kunena kuti ndi mikanda ya m'sitolo ya ku Fort Johnston. Mlongo wanga, amene akusunga chitinicho, ndinamuuza zonsezi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka n'kuchibwezera pansi pa sutikesi.