Za Mowa wa Amonke a ku Westmalle

Pa masiku ano a chikondwerero, pamene tikumbukira makolo athu m'chikhulupiriro amene anamanga misoni ino ndi manja awo, kuyenera kuti timvenso za abale ena akutali amene anadzidyetsa ndi thukuta lawo.

M'chaka cha 1794 amonke a chipani cha Trappist, othawa chipolowe cha ku France, anakhazikika pa Westmalle, pafupi ndi mzinda wa Antwerp, m'dziko limene lero litchedwa Belgium. Nthaka inali yamchenga, ndipo anakhala mwaumphawi. M'chaka cha 1836 anayamba kufulula mowa wosaledzeretsa msanga, wakumwa iwo eni pa chakudya. Ndipo mu 1856 anayamba kugulitsako pachipata.

Mafululidwe ake ndi awa: aphika madzi a chimera cha barele, nathiramo maluwa owawa otchedwa hop, atazizira, aikamo yisiti kuti mowa uwire, ndipo uwiranso kachiwiri uli m'botolo. Lero afulula ndi antchito olembedwa, amonke nayang'anira.

Koma chachikulu sindicho mowawo. Malamulo a Benedict Woyera aphunzitsa kuti mmonke weniweni adya za ntchito ya manja ake. Chifukwa chake phindulo sililemeretsa munthu mmodzi: lisamala nyumba ya amonke, ndipo lotsala lithandiza osauka.

Abale, sitilemba izi poyamikira kuledzera, kumene kwapasula mabanja ambiri pakati pathu. Tilemba kuti tidzifunse: m'zaka zikudzazi, kodi misoni yathu idzaima ndi manja a yani?