Kuchoka pa sikelo ya Wenela kufika pakhomo ku Mamelodi

Agogo athu amene ankapita ku Joni ankadziwa bwino kuyezedwa. Munthu asanakwere ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi, ankavula malaya, kukwera pa sikelo, dokotala n'kumumvetsera m'chifuwa. Funso linali limodzi: kodi thupi ili lingagwire ntchito mumgodi? Wopezeka ndi chifuwa chachikulu ankabwezedwa kumudzi. Mu 1988 nkhani yoyeza HIV itavuta pakati pa Malawi ndi South Africa, anthu a ku Malawi pafupifupi 13,000 anachotsedwa m'migodi m'zaka zotsatira. N'zosadabwitsa kuti kwa mabanja ambiri kuyezedwa kunkatanthauza kutha kwa ntchito.

Komatu m'dziko lomwelo la South Africa munabadwa mwambo wina. Mu 1940 madokotala Sidney ndi Emily Kark anatsegula chipatala chaching'ono ku Pholela, m'chigawo cha Natal. Iwo sankangodikira odwala. Anaphunzitsa anthu a m'deralo kuyenda khomo ndi khomo, kulemba za banja lililonse, kuona zimene likudya ndi kupeza matenda asanakule. Nduna ya zaumoyo Henry Gluckman inafalitsa njirayi, zipatala zotere n'kupitirira 40. Boma la tsankho litalowa mu 1948 linazisiya kuti zife pang'onopang'ono, ndipo banja la a Kark linakapitiriza ntchito ku Jerusalem.

Pretoria ndi umodzi mwa mizinda imene inautola mwambowu. Chithandizo cha m'zipatala zing'onozing'ono za boma chinakhala chaulere mu 1996, koma ulere sukoka munthu amene sakumva kuwawa paliponse. Kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga zimatha kumudya munthu kwa zaka ali phee, mpaka tsiku limene afa ziwalo kapena impso zileka kugwira ntchito.

Ndiye cha m'ma 2011, boma litayamba kukhazikitsa magulu a azaumoyo oyendera makomo, a University of Pretoria, motsogozedwa ndi Pulofesa Jannie Hugo, anagwirizana ndi akuluakulu a zaumoyo mumzindawu kuti maganizo a ku Pholela aja agwire ntchito m'malokeshoni ngati Mamelodi. Azaumoyowa amalemba banja pa foni, kufunsa za chifuwa, mimba ndi mankhwala, n'kutumiza ku kiliniki aliyense wofunika kuyezedwa bwino. Zotsatira zake sizipita kwa bwana, zimakhala za mwini thupi ndi anamwino amene akumuthandiza.