Kuwoloka Zambezi tsiku limodzi: mbiri ya pa mlatho wa Victoria Falls

 Pepani kuti ndinakhala chete nthawi yaitali. Mukudziwa nokha mmene ntchito yathuyi imakhalira, kuchonga mapepala mpaka maso kufiira. Lero ndabwera ndi nkhani ya ulendo, koma musayembekezere zambiri za mahotela ndi zakudya. Phunziro langa ndi mbiri yakale, ndipo ndi mbiriyo imene ndabwerako nayo.

Pa tchuthi cha Pasaka, mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, yemwe tsopano akugwira ntchito mumzinda wa Livingstone ku Zambia, anandiitana kuti ndikamuone. Ndinakwera basi ku Lilongwe kudzera ku Mchinji, Chipata ndi Lusaka, masiku awiri ndili pa msewu. Nditapumula, iye anati, "Aphunzitsi, mawa tikawoloke." Anali atalipira kale munthu woperekeza alendo, wa galimoto yakeyake, woti atitenge awirife basi, atizungulitse mu tauni m'mawa, kenako tikaone mathithi kuchokera ku tsidya la Zimbabwe, kumene gawo lalikulu la mathithiwo limaonekera bwino, n'kubwerera madzulo omwewo.

Kuwolokako kunali kosavuta. Kuchokera mu tauni kukafika pa malire ndi makilomita ngati 10. Woperekeza uja anaimika galimoto pa chipata cha Zambia, anatidindira mapasipoti, tinayenda wapansi pa mlatho, anatidindiranso ku chipata cha Zimbabwe, ndipo uko tinapeza mnzake akutidikira ndi galimoto ina. Zonsezi sizinakwane ola. Ife Amalawi sanatifunse viza. Azungu ena amene tinali nawo pa mzere anali ndi viza imodzi yotchedwa KAZA, imene inayamba mu 2014, yowalola kulowa maiko onse awiri. Ndili pakati pa mlathowo, madzi akuwinduka pansi patali, ndinadzifunsa kuti, kodi kuwoloka pano kunayamba liti kukhala kophweka chonchi, nanga kunkaphwekera yani? Yankho lake ndiye nkhani ya leroyi.

Tiyambe ndi nthawi imene kunalibe mlatho, kunalibenso dziko lotchedwa Zambia kapena Zimbabwe. Anthu a mtundu wa Aleya ndi Atoka, omwe ndi abale a Atonga a ku Zambezi, ankakhala tsidya lino ndi tsidya linalo. Mtsinje sunali malire kwa iwo. Unali munda wawo wa nsomba ndiponso njira yawo. Mathithiwo ankawatcha Shungu Namutitima, ndipo pafupi nawo panali malo opatulika operekerapo nsembe kwa mizimu ya makolo. Wofuna kuwoloka ankapita kumtunda kwa mathithi, pa doko la mfumu Sekute, n'kupempha eni mabwato. Amene anali ndi bwato ndi luso lopalasa ndiye anali ndi mphamvu pa mtsinjewo.

Dzina lakuti Mosi-oa-Tunya, kutanthauza utsi umene umagunda, linabwera ndi Amakololo. Awa anachokera kum'mwera kwa Africa pothawa nkhondo, motsogozedwa ndi mfumu Sebetwane, ndipo anagonjetsa Alozi ndi mitundu ina ya kumtunda kwa Zambezi. Sebetwane ndi amene anauza David Livingstone za mathithiwa pamene anakumana mu 1851. Mfumuyo inamwalira chaka chomwecho. Mwana wake Sekeletu ndiye anaperekeza Livingstone mu Novembala 1855, ndipo pa 16 mwezi womwewo opalasa bwato anamufikitsa pa kachilumba ka pa mlomo penipeni pa mathithi. Apo ndi pamene anasuzumira pansi n'kuwapatsa dzina la mfumukazi ya ku Britain, Victoria. Anadzalapo mbewu za zipatso ndi khofi, koma pobwerera mu 1860 anapeza mvuu zitaononga zonse.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife. Sekeletu anapatsa Livingstone amuna 114 oti amuperekeze kutsika ndi Zambezi kulowera ku nyanja ya mchere. Anawasiya ku Tete mu 1856 iye n'kupita kwawo. Atabweranso, anabwezera ena kwa Sekeletu mu 1860, koma potsikanso anabwera ndi kagulu kena, ndipo kaguluka kanakhazikika m'chigwa cha Shire. Anali ndi mfuti, ndipo anthu othawa nkhondo za ogula akapolo ndi njala anasonkhana kwa iwo. Kwawo ku Zambezi ufumu wa Amakololo unagwetsedwa ndi Alozi mu 1864, koma kuno mayina awo akadalipo. Inu a ku Chikwawa, mukamatchula mfumu Kasisi, Katunga, Maseya kapena Mlilima, dziwani kuti mukutchula maufumu amene anayamba ndi anthu ochokera ku dziko la mathithi aja. Ndinauza woperekeza wathu zimenezi ndipo anadabwa. Iyenso anandidabwitsa pondiuza kuti agogo ake ankapereka nsembe pamalo pamene lero alendo amajambulirapo zithunzi.

Azungu oyamba kukhazikika pa malowa anamanga pa doko la Sekute lomwe lija, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo analitcha Old Drift. Katundu yense wopita kumpoto ankawolokera pamenepo pa mabwato ndi pantoni. Malowo anali a chinyontho, udzudzu wosasimbika, ndipo malungo anapha anthu ambiri. Lero chimene chinatsalapo ndi manda okha, ali mkati mwa malo osungirako nyama a Mosi-oa-Tunya.

Chimene chinapha Old Drift si malungo okha ayi, komanso mlatho. Cecil Rhodes ankalota njanji yochokera ku Cape Town mpaka ku Cairo, ndipo amati ankafuna kuti sitima izidutsa pafupi ndi mathithi kuti nkhungu ya madzi iziwaza mabogi. Iye anamwalira mu 1902 asanawaone n'komwe mathithiwo. Njanji yochokera ku Bulawayo inafika pa mtsinje mu 1904, chaka chomwe hotela ya Victoria Falls inatsegulidwa. Zitsulo za mlatho zinasulidwa ku Darlington ku England ndi kampani ya Cleveland Bridge, zinabwera pa sitima ya pamadzi mpaka ku Beira, kenako pa njanji. Anayamba kumanga mbali zonse ziwiri, ndipo zigawo ziwirizo zinakumana pakati mu Epulo 1905. Mlathowo, wotalika mamita 198 ndipo wokwera mamita 128 pamwamba pa madzi, unatsegulidwa pa 12 Seputembala 1905 ndi George Darwin, mwana wa Charles Darwin uja timamutchula mu Biology.

Kuyambira pamenepo mphamvu yowolotsa anthu inachoka kwa eni mabwato n'kupita kwa eni njanji. Boma la kampani ya British South Africa linasamutsa anthu a ku Old Drift kupita pa mtunda, ndipo tauni ya Livingstone inabadwa mu 1905. Mu 1907 likulu la North-Western Rhodesia linachoka ku Kalomo kubwera kuno, ndipo mu 1911 tauniyi inakhala likulu la Northern Rhodesia yonse mpaka 1935 pamene linasamukira ku Lusaka. N'chifukwa chake mukamayenda m'misewu yake mumaona nyumba zakale za makhonde aakulu ndi malata, ngati mwafika ku Zomba. Matauni awiriwa mbiri yawo ndi yofanana, onse anali malikulu a atsamunda ndipo onse analandidwa ulemuwo. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934, ndi yoyenera kuipatsa maola awiri. Ife tinaipatsa mphindi 40 zokha chifukwa woperekeza ankayang'ana wotchi.

Tsopano nkhani ya Chitaganya, imene aliyense wa inu anailembapo pa mayeso. Pa ndandanda wa ulendo wathu, hotela ya Victoria Falls inalembedwa ngati malo omwerapo tiyi ndi kujambulirapo mlatho. Koma pa tauni yomweyi ndi pamene azungu a ku Rhodesia, motsogozedwa ndi Godfrey Huggins ndi Roy Welensky, anakumana mu Febuluwale 1949 kukambirana zophatikiza Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Pa msonkhanowo panalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi. Mu Seputembala 1951 kunachitika msonkhano wina pomwepo, nduna za ku Britain zilipo, ndipo nthumwi za anthu akuda a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia zinakana ganizolo poyera. Anakana koma sanamvedwe, Chitaganya chinayamba mu 1953. Patatha zaka 10, kumapeto kwa Juni ndi kumayambiriro kwa Julayi 1963, nduna ya ku Britain R. A. Butler inachititsa msonkhano mu hotela yomweyo wokonza za maliro a Chitaganyacho. Pamenepo n'kuti Nyasaland italoledwa kale kutulukamo mu Disembala 1962. Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963. Ndinakhala pa khonde la hotelayo ndi kapu ya tiyi m'manja, n'kumaganiza kuti mtolo umene makolo athu anaufera mu 1959 unamangidwa pano ndipo unamasulidwanso pano.

Zambia italandira ufulu mu 1964, ndipo Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu okhaokha a ku Rhodesia pa 11 Novembala 1965, mlatho uja unasanduka malire a adani. Mu Januwale 1973 Smith anatseka malirewo pofuna kukhaulitsa Zambia chifukwa chosunga omenyera ufulu. Patangopita milungu yochepa anafuna kutsegulanso, koma Kenneth Kaunda anakana, ngakhale kuti mkuwa wa Zambia unkadalira njira imeneyi. Njanji ya TAZARA yopita ku Dar es Salaam, imene inatha kumangidwa mu 1975, inathandiza, komabe mavuto atakula Kaunda anatsegulanso njira ya sitima mu Okutobala 1978. Zaka zimenezo pamene lero pali ogulitsa ziboliboli panali asilikali, ndipo abale a tsidya lino ndi tsidya lija ankangoonerana patali.

Chinthu chodabwitsa kwambiri chinachitika mu Ogasiti 1975. Popeza mbali iliyonse sinkafuna kupita kwa inzake, sitima ya ku South Africa inaimikidwa pakati penipeni pa mlatho. M'bogi imodzi munali tebulo, Smith ndi anthu ake atakhala mbali ya Rhodesia, Abel Muzorewa, Joshua Nkomo, Ndabaningi Sithole ndi anzawo atakhala mbali ya Zambia. Amkhalapakati anali Kaunda ndi John Vorster, nduna yaikulu ya boma la tsankho la South Africa. Anakambirana tsiku lonse osamvana. Smith anakana kulonjeza kuti atsogoleri amene anali kunja sadzamangidwa akabwerera kwawo kudzapitiriza zokambirana, ndipo nkhondo inapitirira mpaka kumapeto kwa 1979. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980 ndi pamene anthu wamba anayambiranso kuwoloka momasuka. Mu 1989 bungwe la UNESCO linaika mathithiwa pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, m'dzina la maiko onse awiri. Pafupi ndi pamene panaima bogi ija, lero achinyamata amamangidwa chingwe m'miyendo n'kudumpha mamita 111 atalipira ndalama zoti ine ndingadyere mwezi.

Mathithi enieniwo sindingathe kuwafotokoza. Ndi otambalala mamita 1,708, ndipo pamene ali akuya kwambiri madzi amagwa mamita 108. Mwezi wa Epulo madzi amakhala ochuluka, moti tinanyowa ngati tagwera mu dziwe ngakhale tinabwereka majasi a mvula. Pa chiyambi cha kanjira koonera mathithi pali chiboliboli cha Livingstone chimene chinaimikidwa mu 1934. Woperekeza wa ku Zimbabwe anayambira nkhani yake pamenepo, chaka cha 1855, monga amachitira ndi alendo onse. Sindikumunena munthuyo. Amakhala ndi maola ochepa, ndipo alendo ambiri amafuna dzina limodzi, chaka chimodzi ndi chithunzi.

Amene anandichititsa manyazi ndi mnyamata wanga uja. Tili pa chibolibolicho anaseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mukukumbukira? Tili Fomu 2 munafunsa kuti anatulukira mathithi a Victoria ndani. Ine ndinalemba kuti anthu a komweko, inu munandithetha." Ndinali nditaiwala, koma sindinakane, chifukwa funso limenelo ndalifunsa zaka zambiri ndipo yankho la pa pepala langa linali limodzi. Mwanayo ankanena zoona, wolakwa ndinali ine. Livingstone anauzidwa ndi Sebetwane, anaperekezedwa ndi Sekeletu, anapalasidwa ndi eni mtsinje. Chimene iye anachita ndi kulemba ndi kudziwitsa anthu a ku Ulaya, ndipo chimenecho si chaching'ono, koma si kutulukira.

Ndiye pempho langa kwa aphunzitsi anzanga ndi ili. Tikamafunsa funsoli tizinena kuti, ndi mzungu uti woyamba kulemba za mathithiwa, nanga anamufikitsako ndani? Tikamaphunzitsa za Amakololo a ku Chikwawa, za Chitaganya ndi za nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe, tiziwaonetsa ana pa mapu kuti mitu itatuyi imakumana pa malo amodzi. Ndipo inu amene Mulungu wakudalitsani ndi kangachepe koti n'kukafika kumeneko, muwerengeretu musananyamuke, ndipo mukakwera galimoto ya woperekeza alendo muzimufunsa za kwawo ndi za makolo ake. Paja safunsa anadya phula.

Tinawolokanso mlatho dzuwa likulowa, pasipoti yanga ili ndi zidindo zinayi zatsopano. Ophunzira anga akale amene ndinakuthethani pa funso lija, bwerani ndi makope anu, malikisi anu ndikubwezerani.